Za Pakhomo: Lesi ndi Ulesi Sizigona Nyumba Imodzi

Inu amai ndi atsikana a m'miphakati yathu, mvula yatha ndipo cimanga cayamba kulowa m'nkhokwe. Miyezi ikubwerayi ndiyo imene manja amapezako mpata, ndiponso ndiyo ya mphepo yozizira imene imakumbutsa aliyense za juzi ndi shawelo. N'cifukwa cake mwezi uno ndafuna kuti ticeze za nchito ziwiri zimene munthu angathe kuphunzira ali pakhonde pa nyumba yake: kuluka lesi ndi kusoka zidole zofewa za ana. Abambo musathamangire tsamba lina. Matelala ambiri a pamsika ndi amuna, ndipo palibe lamulo la Mpingo kapena la mudzi loletsa mnyamata kugwira singano.

Wina adzafunsa kuti, kodi kubvutikiranji pamene pa salaula zonsezi ziripo, zochipa ndithu? Funsoli n'lomveka. Kuyambira zaka zoyamba za m'ma 1990, pamene malonda ndi maiko akunja anatsegulidwa, mabelo a zobvala anadzaza misika yathu, ndipo amai ambiri amene anaphunzira kuluka kwa asisiteri m'mamishoni anatsekera singano zao m'sutikesi. Lero adzukulu ao sadziwa ngakhale kuyamba mzere woyamba. Juzi ya pa salaula imafunditsa, sitikana. Koma shawelo yoyera yobatiziramo mwana wanu, kapena lesi ya muyeso weni-weni wa guwa la nsembe la pa chalichi canu, simudzaipeza m'belo. Ndipo cidole cogula pamulu simudziwa cimene anaikamo m'mimba mwake, ngakhale kulimba kwa maso ake.

Tiyambe ndi lesi. Lesi ndi nsalu ya timabowo toikidwa mwadala ndi mwadongosolo. Ambiri kuno tinaizolowera pa tinsalu ta pamipando ndi pathebulo, toluka ndi singano imodzi yokhala ndi kangowe kunsonga. Imene tikambe lero ndi ya singano ziwiri, zomwe zija zolukira juzi, ndipo imatuluka yofewa, yoyenera mpango wa m'khosi, kolala, kacipewa ka khanda kapena shawelo.

Mulibe matsenga m'menemo. Munthu wodziwa masitichi awiri aja a juzi, amene mabuku amawacha knit ndi purl, watsala ndi zinthu ziwiri zokha zoti aphunzire. Coyamba ndi kukulunga ulusi kamodzi pa singano ya kudzanja lamanja, osailowetsa m'sitichi iri yonse. Pobwerera pa mzere wotsatira, pamalo pamenepo pamatsala kabowo. Caciwiri ndi kutenga masitichi awiri ndi kuwaluka pamodzi ngati imodzi. Kukulunga kumaonjezera sitichi imodzi, kuluka awiri pamodzi kumacotsa imodzi. Tinganene kuti kabowo kali konse ndi ngongole, ndipo ngongoleyo iyenera kubwezedwa. Mukaiwala kubweza, nsalu imanka nitambasuka ngati licero. Mukabweza kawiri, imanka nicepa kufikira itasongoka. Motero nchito yaikulu ya woluka lesi ndi kuwerenga. Mzere ukatha, werengani. Mwana akalira, malizani mzerewo kapena ikani cizindikiro pamene mwalekera, cifukwa mtima umanama kuti ukumbukira.

Poyesa koyamba tengani singano za mamilimita 4, zimene amai akale amazidziwa ndi nambala 8, ndi ulusi wopyapyala wa mtundu wowala. Ulusi wakuda umabisa zolakwa ndi kutopetsa maso, maka-maka pa nyali. Ikani masitichi 24 ndipo lukani mizere 4 ya knit yokha-yokha kuti m'mphepete musapindike. Kucokera pamenepo mzere uli wonse ukhale wotere: lukani masitichi 2, kenaka kulungani ulusi ndi kuluka awiri pamodzi, kubwereza zimenezi maulendo 10, masitichi 2 otsala muwaluke monga oyamba aja. Pa singano payenera kukhala 24 nthawi zonse. Pakutha pa mizere 20 mudzaona kansalu konga ukonde. Mukapitiriza kufikira mita imodzi ndi pang'ono, mwapeza mpango wa m'khosi wopita nao ku Misa ya m'mawa mu June.

Dzanja likazolowera, yesani kalukidwe ka mafunde, kamene mabuku ena amakacha Old Shale, ena Feather and Fan. Kanachuka ndi amai a ku Shetland, zilumba zozizira za kumpoto kwa Scotland, kumene amaluka mashawelo opyapyala kotero kuti shawelo yathunthu imapyola m'mphete ya ukwati. Funde limodzi limafuna masitichi 18. Ikani 42: atatu a mbali iyi ndi atatu a mbali inayo muziwaluka knit nthawi zonse, ndipo 36 apakati ndiwo mafunde awiri. Mzere woyamba knit, waciwiri purl. Wacitatu ndiwo uli ndi nchito: awiri pamodzi maulendo 3, kenaka kukulunga ndi kuluka imodzi maulendo 6, kenaka awiri pamodzi maulendo 3; mubwerezenso cimodzi-modzi pa funde laciwiri. Mzere wacinai knit, ndipo mwabwerera poyamba. Taonani kuti ngongole ziri 6 ndipo zobweza ziri 6, koma sizinakhale moyandikana. Timabowo taunjikana pakati, zobweza ziri m'mbali. Kutalikirana kumeneku ndiko kumakoka mizere kuti ipindike ngati madzi a m'nyanja. Amene wamvetsa cimeneci sadzaopanso buku liri lonse la zoluka, pakuti masamba, maluwa ndi nyenyezi zonse za m'lesi zimabadwa pa kusuntha malo a ngongole ndi malo obwezera.

Pali kanzeru kamodzi kamene kamapulumutsa misozi. Lesi ikapulumuka pa singano imamasuka msanga, ndipo kutola timabowo n'kobvuta koposa kutola masitichi a juzi. Tsono mukamaliza mzere umene mwauwerenga ndi kuupeza wolondola, tengani singano yosokera ndi ulusi wa mtundu wina, muupyoze m'masitichi onse ali pa singano, ndi kuusiya ulendewera uku ndi uku. Mukasokoneza kutsogolo, mudzamasula kufikira pa ulusi umenewo ndipo pamenepo nsalu idzaima yokha.

Nanga ulusi? Umene timagula m'masitolo ndi kuucha wulu kawiri-kawiri si ubweya wa nkhosa, ndi acrylic, wopangidwa m'mafakitale monga pulasitiki. Ndi wabwino pophunzira, sucedwa kuuma, koma simbi yamoto imausungunula. Wa thonje umaonetsa timabowo bwino ndipo ndiwo woyenera kolala ndi nsalu za m'chalichi. Amene ndalama zacepa asataye mtima, cifukwa salaula yomweyo ingatithandize: juzi yaikulu yakale imapatsa ulusi wokwana mipango ingapo. Musanagule itembenuzeni muone misoko yake. Ngati mbali zake anacita kudula ndi kumanga ndi makina, mudzapeza tizidutswa tafupi-tafupi topanda nchito. Ngati analumikiza zidutswa zoluka zathunthu, imamasuka yonse. Ulusiwo muukulunge kumsana kwa mpando, muumange, muucape, ndi kuuyanika mutamangirira kamwala kunsi kuti makwinya aongoke. Za singano, masipoko a njinga akhala akuthandiza amai kwa zaka zambiri. Ndi oonda, pafupi-fupi mamilimita 2, motero amayenera ulusi woonda kwambiri. Anoleni pamwala, muwasalaze bwino, ndipo muziwasunga patali ndi ana.

Lesi yongocoka pa singano siikondweretsa. Imaoneka yokwinyika ngati ciwawa cofota, ndipo apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwa ulesi ndi kunena kuti nchito yawakana. Isanayanikidwe musaiweruze. Icapeni m'madzi ofunda pang'ono ndi sopo wocepa, osaipotokola. Ifinyeni m'thaulo, muitambasule pa matiresi kapena pa mphasa yoyalapo nsalu yoyera, ndi kuikhomera ndi mapini m'mbali monse kuti iume iri cikokere, pamthunzi. Mapini akhale osacita dzimbiri, cifukwa banga la dzimbiri pa nsalu yoyera silimva sopo. Ya thonje, ngati mufuna kuti iime njo, ibviikeni m'madzi amene mwawiritsamo kasupuni ka ufa wosalala wa cinangwa.

Ofuna kulukira nyumba ya Mulungu ayambe afunsa Bambo Mfumu kapena osamala za m'sakristia, ndipo ayese guwa ndi tepi, osati ndi maso. Lesi ilukidwe payokha ndi kusokeredwa m'mphepete mwa nsalu, kuti nsaluyo ikatha lesi isamutsidwire pa ina. Tinsalu topukutira cikho tisiyeni topanda zokometsa zambiri, pakuti nchito yake ndi kumwa madzi. Ndipo kumbukirani kuti pa guwa pali makandulo. Ndikamaona amai akuluka za m'chalichi ndimakumbuka cithunzi cina cimene mmisiri wa ku Germany, Master Bertram, anajambula ca m'ma 1400, cimene ciri mu mzinda wa Hamburg. Anajambula Amai Maria akuluka kamkanjo ndi singano zinai, Mwana Yezu ali pambali pao. Mthenga Wabwino sunena kuti Maria ankaluka. Mmisiriyo anangoika m'manja mwao nchito imene ankaona amai a kwao akugwira, poganizira mkanjo wopanda msoko umene Yohane Woyera amauchula pa mutu 19.

Tsopano za zidole. Ana athu sanayambe asowapo nzeru zoseweretsa: mtsikana amabereka citsononkho kumbuyo, mnyamata amapinda waya napanga galimoto, ndipo onse amaumba ng'ombe za dothi kudambo. Zimenezi zisathe ai. Koma mwana wamng'ono, wa caka cimodzi kapena ziwiri, amafuna cinthu cofewa coti akumbatire, coti aciluma osabvulala.

Nkhani ya zidole zotere ili ndi mai wina woyenera kumudziwa. Margarete Steiff anabadwa mu 1847 m'tauni ya Giengen ku Germany. Ali khanda anadwala poliyo, ndipo moyo wake wonse anayendera pa njinga ya olumala. Dzanja lake lamanja linalinso lofooka, kotero kuti makina osokera ankawatembenuza kuti azipukusa ndi lamanzere. Anakhala telala wa zobvala. Mu 1880 anasoka tinjobvu tansalu toti amai azibayapo mapini, koma ana anatilanda nayamba kuseweretsa. Pamenepo ndi pamene panayambira kampani ya Steiff, imene iripo mpaka lero. Mu 1902 mwana wa mlongo wake, Richard, anakonza cidole ca cimbalangondo ca manja ndi miyendo yotembenuka, ndipo mu 1907 anasoka zimbalangondo pafupi-fupi miliyoni imodzi. Sindikulonjeza kuti wina wa ife adzafika pamenepo. Ndachula maiyu cifukwa m'miphakati yathu muli abale ndi alongo olumala amene timawaona ngati ongoyenera kulandira thandizo, pamene manja ndi mitu yao ziri zamoyo.

Kasokedwe kake n'kosabvuta. Jambulani cinyama papepala lolimba, monga la thumba la simenti, cikhale ca maonekedwe apafupi: njobvu yoima cam'mbali, nsomba, kapena kalulu wa m'nthano zathu. Miyendo ndi makutu zikhale zonenepa, cifukwa zoonda zimabvuta kutembenuza. Nsalu muyambe mwaicapa, pakuti citenje catsopano cimasuluka ndipo mtunduwo ungathere m'kamwa mwa mwana. Dulani zidutswa ziwiri zofanana, kusiya sentimita imodzi kuzungulira ya msoko. Nkhope muisokeretu nsalu ikali yoyala. Kenaka phatikizani zidutswazo, maso a nsalu ayang'anane m'kati, ndi kusoka ndi msoko wobwerera m'mbuyo, waufupi-ufupi, kawiri ngati mulibe makina. Siyani mpata wa masentimita 5 pamimba. Pa malo okhota cekani timipata m'mphepete mwa nsalu osafika pa ulusi, kuti cidole cisakwinyike. Tembenuzani, yambani kudzaza miyendo ndi citamba pang'ono-pang'ono mukukankha ndi kumbuyo kwa pensulo, mutsirize ndi mimba, ndipo tsekani mpata uja ndi msoko wobisika. Mukasoka mwana wa munthu, bwanji osamupatsa khungu lofanana ndi la mwana amene adzamubereke, ndi kacitenje kake?

Apa ndipempha kuti muwerenge mofatsa, cifukwa pali moyo wa mwana. Mwana wosakwana zaka 3 amayesa cinthu ciri conse ndi pakamwa, ndipo njira yake ya mpweya ndi yaing'ono. Batani limene mwasokera ngati diso, mkanda wa m'khosi mwa cidole, kabelu kakang'ono, zonsezi zikathothoka zingamutsamwitse m'kanthawi kocepa, mai ali pomwepo akusinja. Ku Ulaya ndi ku America kuli lamulo lakuti cidole ca mwana wa msinkhu umenewu cisakhale ndi kanthu kotha kulowa konse m'kacitini koyesera, kamene kukamwa kwake ndi mamilimita 31.7, ndiko kuti masentimita 3 ndi pang'ono. Ife tiribe kacitiniko, koma tiri ndi njira yoposa: osaikapo kanthu kolimba n'komwe. Maso, mphuno ndi pakamwa zisokedwe ndi ulusi. Riboni kapena cingwe cacitali cisakhalepo, cifukwa cingazenge khosi kapena kala. Tsitsi la ulusi lisokeredwe zolimba ndipo likhale lalifupi. Mukatha, kokani makutu, mcira ndi miyendo ndi mphamvu zanu zonse. Cimene cagonja m'manja mwanu cikanagonjanso m'mano mwa mwana. Papasani cidole conse kuti mutsimikize kuti simunaiwalemo pini. Ndipo khanda losakwana caka lisagone ndi cidole pafupi ndi nkhope, ngakhale cofewa cotani, pakuti cingatseke mphuno.

Za m'mimba mwa cidole nazonso n'zofunika. Nyemba, mcenga, utuci ndi siponji yonyenya-nyenya musaikemo: msoko ukang'ambika zimathera m'kamwa, ndipo zina zimaitana anankafumbwe ndi makoswe. Zabwino koposa ndi ubweya woyera uja wa m'mapilo a m'sitolo, umene umacapika ndi kuuma msanga. Zidutswa za kwa telala, zocapa ndi zodula ting'ono-ting'ono, zimagwiranso nchito ngakhale zimalemera. Kwa ife a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi thonje liri pakhomo, koma kumbukirani kuti la kumunda linapoperedwa mankhwala. Cotsani njere zonse, mulicape, liume kweni-kweni. Dziwaninso kuti cidole ca thonje cikanyowa cimacedwa kuuma ndipo cingacite nkhungu m'kati. Ciyanikeni padzuwa masiku awiri kapena atatu.

Tisabise nkhani ya ndalama, pakuti ambiri amene adzayamba nchitoyi ali ndi fizi ya ana m'maganizo. Amai a ku Shetland aja, ngakhale analuka zodabwitsa dziko lonse, ambiri a iwo anakhala osauka. Eni masitolo sankawalipira ndalama; ankawapatsa tiyi, nsalu ndi katundu wina wa m'sitolo momwemo, pa mtengo umene mwini sitolo wakonda, ndipo mai wofuna cakudya ankagulitsanso katunduyo moluza. Boma la Britain linatumiza ofufuza za mcitidwe umenewu mu 1872, koma unatenga zaka zambiri kuti uthe. Ku Ireland zinayenda mwina. Pa njala yaikulu imene inayamba mu 1845 ndi kupha anthu pafupi-fupi miliyoni imodzi, asisiteri anaona kuti kugawa cakudya kokha sikukwanira. M'tauni ya Youghal, sisiteri wina wa cipani ca Presentation anamasula kansalu kakale ka lesi ya ku Italy ulusi umodzi-umodzi kufikira atamvetsa kapangidwe kake, naphunzitsa atsikana, ndipo mu 1852 anatsegula sukulu ya lesi. Lesi yao inali yosoka ndi singano yosokera, yosiyana ndi yathuyi, koma cimene ndifuna muone n'cakuti asisiteriwo sanalekere pa kuphunzitsa. Anafunanso misika, kuti ndalama zifike m'manja mwa osokawo.

Kuweruza kwanga n'kotere. Mpango wa lesi umadya madzulo ambiri, ndipo pamsika ndi ocepa amene adzalipira nthawi imeneyo. Lesi lukirani a m'nyumba mwanu, ubatizo, ana olandira Ukaristia koyamba, kapena munthu amene waitanitsa yekha ndi kupereka ndalama ya ulusi poyamba. Cidole cimatha tsiku limodzi kapena awiri, zipangizo zake n'zotola, ndipo cimayenda malonda nyengo ya Khirisimasi. Ofuna kandalama ayambire kumeneko. Poika mtengo werengani ulusi, nsalu, sopo ndi maola amene mwakhala pansi, ndipo musacite manyazi kuuchula. Koma mau ena apite kwa ife ogula. Si cilungamo kunenerera mtengo wa mai wamasiye kufikira atagulitsa moluza cifukwa cakuti timapemphera naye mphakati umodzi, kapena kutenga katundu ndi mau akuti tidzaonana kumapeto kwa mwezi, mwezi wake osafika. Ngakhale pa parishi, tikapempha amai kuti aluke za pa guwa kapena zogulitsa pa tsiku la zopereka, komiti igule ulusi. Iwo apereka kale maso ndi msana.

Kodi tsono muphunzira kwa yani? Mafoni a masiku ano ali ndi makanema ambiri ophunzitsa kuluka, ndipo amathandiza, koma kanema saona pamene cala canu calakwa. Pafupi-fupi m'parishi iri yonse muli agogo amene anaphunzira kwa asisiteri, ena m'gulu la Anna Woyera, ena mu Legio ya Maria, ndipo singano zao zikali m'sutikesi. Safunsa anadya phula. Pitani mukawapemphe, mutengeko kasopo kapena kashuga, ndipo khalani pambali pao kuti manja anu ndi ao ayang'ane kumodzi. Wamanzere yekha ndiye akhale moyang'anana nao, ngati pa kalirole. Atsogoleri a miphakati angapatule ola limodzi pambuyo pa mapemphero kuti akulu ndi atsikana akhale pamphasa imodzi. M'buku la Nchito za Atumwi, mutu 9, Tabita wa ku Yopa atamwalira, amai amasiye anaonetsa Petro Woyera malaya amene iye anawasokera. Mwa zonse zimene mai uja anacita, zimene anzake anagwira m'manja tsiku limenelo zinali zosoka zake.

Mwezi wa mawa tidzasindikiza cithunzi ca kalulu ndi miyeso yake yonse, kuti mudzangoika pepala pamwamba ndi kulondola. Pakali pano pitani kwa telala wa pafupi mukapemphe zidutswa asanazitenthe, musankhe zolimba zosasuluka, muzicape ndi kuzisunga pouma.